Makalata a omvera: makina a ng'oma opanda ng'oma yaikulu

Tabwereranso omvera, ndi nthawi ya makalata anu ija. Yoyamba yachokera ku Johannesburg, kwa m'bale wathu amene amapanga nyimbo za house kuchipinda akaweruka kuntchito. Akuti: "Achimwene, ndinagula makina akale a ng'oma, Roland TR-727, kwa munthu wina konkuno. Ndadina mabatani onse koma ng'oma yaikulu ija ya du du du mulibemo, snare mulibenso. Andipusitsa kodi?"

Mtima m'malo achimwene, sanakupusitseni. Makinawo anapangidwa choncho. Kampani ya Roland ya ku Japan inawatulutsa mu 1985 ngati mnzake wa TR-707. Ng'oma yaikulu ndi snare, kang'oma kakang'ono ka mawu akuthwa, zili mu 707, pomwe mu 727 anaikamo zoimbira za ku Latin America zokhazokha: bongo, conga, timbale, agogo (osati agogo a kumudzi, awa ndi mabelu achitsulo), cabasa, maracas (zisekese), mawezulo awiri ndi zina. Oimba house a ku Chicago ankayendetsa makina awiriwa limodzi. Inu lumikizani 727 yanuyo ku kompyuta ndi chingwe cha MIDI, ng'oma yaikulu izichokera kumeneko.

Tsono vuto limene mukumane nalo mawa ndi lina. Mabatani 16 a pa makinawo, lililonse ndi malo ake m'kagundidwe ka nyimbo. Mukangodzaza onse ndi conga, nyimbo imamveka ngati makina osokera zovala. Yambani ndi clave, kagundidwe kasanu kamene kamagwira nyimbo za ku Cuba msana. Timitengo timene amaimbira clave mu 727 mulibe, tili mu TR-808 ya mu 1980, ndiye bwerekani agogo wa mawu ang'onoyo. Muyatse batani 1, 4, 7, 11 ndi 13. Basi, musaonjezere. Imvereni kaye mpaka mutu uyambe kugwedera wokha. Kenako conga yotsekedwa ikhale pa 3 ndi 11, yotseguka pa 7, 8, 15 ndi 16. Maracas muwatsitse mawu, azingonong'ona kumbuyo. Pomaliza gwiritsani accent, imene imaonjezera mphamvu ya kamenyedwe, pa malo awiri kapena atatu okha, chifukwa woimba ng'oma weniweni samenya mofanana ponseponse. Shuffle, imene imachedwetsa kugunda kwina pang'ono kuti nyimbo izinyakuka, ilimonso, koma ine ndimaiyika pang'ono ngati mchere wa m'phala.

Ina yachokera ku Zomba, kwa mayi amene akuti mwana wawo amasewera ndi mawu a makina omwewa pa kompyuta. "Pali dzina lina lakuti quijada, limalira ngati chinthu chosweka. N'chiyani chimenechi?"

Mayi, musaseke, imeneyo ndi nsagwada ya bulu. Ku Peru ndi ku Cuba amaiumitsa, mano n'kukhala ogwedera, ndipo akaimenya ndi nkhonya manowo amachita phokoso la trrr. Mumuuze mwanayo aziiponya kamodzi patapita nthawi, ikachuluka imatopetsa makutu.

Ena amene mwalemba, makalata anu ndawasunga, tidzawawerenga sabata yamawa. Pakadali pano achimwene a ku Joni, kwezani wailesi, mumve mmene agogo akuyendera m'nyimbo ikubwerayi.