Musanayatse Injini: Kukonza Ulendo wa Ndege pa Simyuleta Ngati Mwangoyamba Kumene

PA SIKIRINI: Ndege ya Airbus A320 yaima pageti, magetsi onse ali ozima.

Moni nonse. Ndege mukuionayi ndi ya mu simyuleta, pulogalamu ya pakompyuta yoyeserera kuulutsa ndege. Ili pa bwalo la Heathrow ku London, ndipo kwa mphindi zingapo zikubwerazi sitiyatsa kanthu kalikonse. Ndikudziwa, ena zala zayamba kale kukuyabwani. Ugwireni mtima. Lero tikhala pansi kaye n'kukonza ulendo, chifukwa mavuto ambiri amene oyamba kumene amakumana nawo m'mwamba amakhala atawanyamula okha kuchokera pansi.

Ine tsiku loyamba kuulutsa ndege yaikulu ndinanyamuka bwinobwino, mtima uli m'malo. Patapita kanthawi ndinangoona ndege yasiya mzere wa pamapu, ikungolunjika kutsogolo ngati yaiwala kumene tikupita. Ndinanyoza pulogalamu, ndinanyoza ndege, ndinatsala pang'ono kufufuta zonse. Koma wolakwa ndinali ine ndemwe, ndipo ndikuonetsani pamene ndinaphonya tikafika pamenepo.

Mapulogalamu okonzera ulendo alipo angapo, koma awiri ndi amene ndingakuuzeni kuti muyambire, ndipo onse ndi aulere. Woyamba ndi SimBrief. Uyu simuchita kumuika mu kompyuta, mumangotsegula pa intaneti n'kulembetsa. Kuyambira mu 2021 ali m'manja mwa kampani ya Navigraph. Ntchito yake ndi ngati ya munthu wa mu ofesi ya kampani ya ndege amene amakonzera oyendetsa ndege chikalata cha ulendo: njira, mafuta, kulemera kwa ndege, nyengo. Wachiwiri ndi Little Navmap, wolembedwa ndi Alexander Barthel. Uyu ndi mapu enieni. Mumaona mabwalo, mapiri, misewu ya m'mlengalenga, ndipo ndege yanu imaoneka ikuyenda pamapupo. Amagwira ntchito ndi masimyuleta a Microsoft Flight Simulator, X-Plane ndi Prepar3D. Ngati mukuuluka ndi ka Cessna 172, mukuyang'ana mitsinje ndi misewu pansi, Little Navmap akukwanirani. Ngati mukufuna Boeing 737 kapena A320, ndiye SimBrief. Lero tili pa SimBrief.

PA SIKIRINI: Tsamba lokonzera ulendo watsopano.

Mabwalo a ndege timawalemba ndi zilembo zinayi za ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, osati zitatu zija mumaona pa tikiti. Pa tikiti Heathrow ndi LHR, koma apa tilemba EGLL. Tikupita ku Amsterdam, bwalo la Schiphol, EHAM. Ndasankha dala ulendo waufupi, makilomita pafupifupi 370, wosakwana ola limodzi m'mwamba. Musayambe ndi London mpaka Singapore. Mudzakhala maola oposa khumi kudikira kuti muone ngati munalakwitsa potera, pomwe ulendo waufupi mukhoza kuubwereza katatu madzulo amodzi.

Kenako mtundu wa ndege. Apa musangosankha A320 n'kudutsa. Pansi pake pali kabokosi kena ka Airframe, kamene kali ndi mayina a ndege zenizeni za mu simyuleta, monga ya FlyByWire kapena ya Fenix. Sankhani imene muli nayo inuyo. Ndege ziwiri zotchedwa A320 zikhoza kusiyana injini, kulemera kwake zili zopanda kanthu, ndi mmene zimamwera mafuta. Mukasankha ya mnzake, masamu onse otsatira akhala a ndege ina.

Tsopano tafika pa nkhani imene ndikufuna tikhalepo nthawi yaitali, chifukwa ndi imene imagwetsa ulesi anthu ambiri. Misewu ya m'mlengalenga sikhala chimodzimodzi mpaka kalekale. Imasinthidwa. Dzina la malo odutsira likhoza kuchotsedwa, njira yonyamukira ikhoza kupatsidwa nambala ina, ngakhale msewu woterapo ndege umasintha nambala pakapita zaka. Dziko lonse linagwirizana kuti zosinthazi zizilowa pa tsiku limodzi, masiku 28 aliwonse, Lachinayi. Dongosololi limatchedwa AIRAC, ndipo pa chaka pamakhala maulendo 13, mwa apo ndi apo 14. Mukaona nambala ngati 2401, manambala awiri oyamba ndi chaka, 2024, ndipo awiri otsiriza akunena kuti ndi kusintha koyamba kwa chakacho.

Vuto lili apa. Zinthu zitatu zimasunga misewu imeneyi, chilichonse payokha: pulogalamu yokonzera ulendo, simyuleta, ndi kakompyuta ka m'ndege, kamene pa Boeing timati FMC, pa Airbus MCDU. SimBrief waulere amagwiritsa ntchito AIRAC yakale. Ndege yanu mwina ili ndi yatsopano, kapena yakale kuposa pamenepo. Ndiye mumalemba dzina la malo limene SimBrief wakupatsani, kakompyuta ka m'ndege n'kukuyankhani kuti NOT IN DATABASE. Sikuti chinachake chawonongeka. Zili ngati anthu awiri akulozerana njira, wina atagwira mapu a chaka chino, wina a zaka zitatu zapitazo.

Njira zothetsera ndi ziwiri. Mukhoza kulipira Navigraph mwezi ndi mwezi kuti zonse zitatu zikhale pa AIRAC imodzi, ndipo mumapezanso matchati a mabwalo. Kapena, ndipo izi ndi zimene ndingalangize munthu amene wangoyamba sabata ino, musalipire kaye. Onani nambala ya AIRAC pa chikalata cha SimBrief, onaninso pa tsamba loyamba la kakompyuta ka m'ndege, mudziwe kuti zasiyana. Malo akakanidwa, adumpheni, lumikizani ndi otsatira amene avomerezeka. Muli nokha m'mlengalenga, palibe amene akudzudzuleni. Mukaona kuti masewerowa akulowani m'magazi, ndiye ganizirani zolipira.

PA SIKIRINI: Kabokosi kosankhira makilogalamu kapena mapaundi.

Kabokosi aka n'kakang'ono, koma kamvereni nkhani yake. Pa 23 July 1983, ndege ya Air Canada, Boeing 767 yatsopano, inali pa ulendo wochokera ku Montreal kupita ku Edmonton. Mageji a mafuta sankagwira ntchito, ndiye mafuta anawerengedwa pamanja, ndipo powerengapo anasokoneza mapaundi ndi makilogalamu. Ndege imafunika makilogalamu 22,300, inanyamuka ndi mapaundi 22,300, osakwana ndi theka lomwe. Injini zonse ziwiri zinazima m'mwamba. Kaputeni Robert Pearson, amene ankadziwanso kuulutsa ndege zopanda injini, anaitsitsa pa bwalo lakale la asilikali ku Gimli, m'chigawo cha Manitoba, ndipo palibe anamwalira. Kilogalamu imodzi ndi mapaundi 2.2. Ngati SimBrief ali pa makilogalamu, ndege yanu ikhalenso pa makilogalamu. Zimenezi zinachitikira akatswiri a ntchito, nanga inu ndi ine amene tikuulutsa ndege pakati pa usiku maso akulemera?

Zina zonse pa tsambali zisiyeni mmene zilili. Chiwerengero cha anthu, katundu, cost index (nambala yosankhira pakati pa kuthamanga ndi kusunga mafuta), bwalo lothawirako, pulogalamu isankha yokha ndipo imasankha bwino. Tidine Generate.

PA SIKIRINI: Chikalata cha ulendo, masamba odzaza manambala.

Apa ndi pamene anthu amathawa. Masamba ambirimbiri, zilembo zokhazokha. Chikalatachi chimatchedwa OFP, ndipo simukufunika kuchimvetsa chonse lero. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyang'ane malo ochepa chabe.

Mafuta kaye. Mzere wa TRIP ndi mafuta ochokera ponyamuka mpaka potera. CONT ndi owonjezera pang'ono, kawirikawiri 5 pa 100 alionse a mafuta a ulendo, oti mphepo ikakutembenukirani musasowe. ALTN ndi okufikitsani pa bwalo lina ngati ku Amsterdam kwakanika. FINRES ndi omaliza, a mphindi 30 zozungulira m'mwamba, ndipo amenewa sakhudzidwa pokhapokha zitavuta zedi. TAXI ndi oyendera pansi. Zonse pamodzi ndi BLOCK, ndipo nambala imeneyi ndi imene mumathira m'ndege. Anthu ambiri amathira TRIP chifukwa ndi imene ili pamwamba, n'kumadabwa chifukwa chake magetsi ochenjeza akuyaka akuyandikira bwalo. Enanso amadzaza matanki mpaka pakamwa poti bola kuchuluka. Ayi. Ndege yolemera imachedwa kukwera, ndipo pa ulendo waufupi ngati uno mukhoza kufika mukulemera kupitirira mlingo wololedwa potera.

Nambala ina yoti muikope ndi ZFW, kulemera kwa ndege ndi anthu ndi katundu, mafuta asanalowe. Imene ili pa chikalata ifanane ndi imene ili m'ndege.

Kenako utali wouluka. Muona FL ndi nambala, mwachitsanzo FL230, kutanthauza mafiti 23,000. M'maiko ambiri ndege yolowera chakum'mawa imatenga nambala zimene mukachotsa ziro wakumapeto sizigawika pawiri, monga 230, 250, 330, pomwe yolowera chakumadzulo imatenga 240, 260, 340. Ndi mmene amapewera kuti ndege zisakumane maso ndi maso. Ife tikulowera kum'mawa. Ndipo musadabwe kuti pa ulendo waufupi chonchi pulogalamu sikukukwezani mpaka 37,000. Mukanangofika pamwamba n'kuyamba kutsika.

Tsopano mzere wa njira. Uli ndi zigawo zitatu. Koyambirira kuli SID, njira yokhazikika yochokera pa msewu wonyamukira kukalowa mu misewu ya m'mwamba. Pakati pali misewuyo ndi malo odutsira, ambiri a mayina a zilembo zisanu, ena a zilembo zitatu monga BPK, ya Brookmans Park kumpoto kwa London. Kumapeto kuli STAR, njira yokhazikika yofikira. Chimene muyenera kugwira n'chakuti SID imamangidwa pa msewu wonyamukira. Msewu ukasintha, SID isinthenso.

Ndipo chimene chimasankha msewu ndi mphepo. Ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo. Pezani lipoti la nyengo, METAR, pa chikalata chomwechi. Mukaona 27012KT, ndiye kuti mphepo ikuchokera pa madigiri 270, kumadzulo, pa liwiro la manoti 12, kutanthauza mamailosi 12 a panyanja pa ola. Heathrow ili ndi misewu iwiri, ndipo uliwonse uli ndi mayina awiri malinga ndi mbali imene mwayambira: 27 mukayang'ana kumadzulo, 09 mukayang'ana kum'mawa. Ndi mphepo imeneyi tinyamukira pa 27. Koma chenjerani: SimBrief amatenga nyengo yeniyeni ya nthawi imeneyo. Ngati mu simyuleta mwaika kumwamba koyera kopanda mphepo chifukwa mukufuna zithunzi zokongola, chikalata chanu chikunena za tsiku lina. Yatsani nyengo yeniyeni, kapena vomerezani kuti mafuta ndi nthawi sizigwirizana ndendende.

Tingonena pang'ono za Schiphol: ili ndi misewu isanu ndi umodzi, ndipo mukapatsidwa 18R, wotchedwa Polderbaan, konzekerani kuyenda pansi kwa nthawi ndithu musanafike pageti. Uli kutali moti munthu umayamba kukayikira ngati udakali pa bwalo lomwelo.

PA SIKIRINI: M'chipinda cha oyendetsa ndege, kamera ili pa kakompyuta.

Ndege zambiri zimatha kukoka chikalatachi zokha. Mumalemba Pilot ID, nambala yanu ya ku SimBrief, pa tabuleti ya m'ndege kamodzi kokha, basi. N'zabwino, ndipo inenso ndimatero. Komabe ulendo umodzi kapena iwiri yoyambirira lembani njira ndi manja, malo amodziamodzi. Ndi mmene mungadziwire pokonza tsiku limene kukoka kwakana. Dziwaninso kuti pa ndege zambiri kukokaku kumabweretsa gawo lapakati lokha. Msewu wonyamukira, SID, STAR ndi njira yoterera mumasankha nokha.

Nayi tsopano ija inandigwetsa ine. Mukamaliza kusankha, tsikani ndi mndandanda wonse wa malo mpaka pansi. Penapake mukhoza kupeza mzere wolembedwa DISCONTINUITY. Kakompyuta kakukuuzani kuti pakati pa malo awa ndi awa sikakudziwa kuti kadutse pati. Ndege ikafika pamenepo imasiya kutsata njira n'kumangopita kumene yaloza mphuno. Pa Airbus mumadina CLR kenako batani la pambali pa mzerewo. Pa Boeing mumatenga malo otsatira n'kuwaika pa mabokosi opanda kanthuwo, kenako EXEC. Koma musafufute mwachisawawa. Ina imaikidwa dala, makamaka kumapeto kwa STAR, pamene m'moyo weniweni woyang'anira ndege ali pansi ndi amene amakuuzani kokhotera. Ikakhala yotero ndipo muli nokha, muwongolera ndege nokha mpaka ilunjike msewu woterapo.

Mukatero tembenuzani sikirini ya mapu ikhale pa PLAN, muyende ndi njira yonse ndi maso. Mzere ukhale wooneka kuti ukuchoka ku London kupita ku Amsterdam. Mukaona wathamangira kutali n'kubwerera, ndiye kuti mwasankha malo a dzina lofanana amene ali ku dziko lina. Zimachitika kawirikawiri, makamaka ndi mayina a zilembo ziwiri kapena zitatu.

Kamasamu kamodzi koti mukhale nako m'mutu, poti kakompyuta nakonso kamaphonya mphepo ikasintha: pa mafiti 1,000 alionse amene mukufuna kutsika, mufunika mamailosi atatu a panyanja. Kuchokera pa 23,000 ndi mamailosi 69, onjezerani khumi ochepetsera liwiro. Kachizindikiro koyambira kutsika kakakhala pafupi ndi nambala imeneyo, zili bwino. Kakakhala pa mamailosi 30, pali chimene mwalakwitsa polemba.

Za kuuluka pa VATSIM kapena IVAO, kumene oyang'anira ndege ndi anthu enieni olankhula nanu pa wailesi, tidzakamba mu vidiyo ina. Kumeneko AIRAC yakale imayamba kupweteka, chifukwa adzakupatsani njira imene ndege yanu siidziwa.

Tione zathu. Makilogalamu mbali zonse ziwiri, BLOCK yathiridwa, ZFW yafanana, msewu 27, mndandanda ulibe mpata, mzere pamapu walunjika kum'mawa kuwoloka nyanja. Chabwino. Batire yoyamba, batire yachiwiri, APU.

PA SIKIRINI: Magetsi a m'chipinda ayaka, kulira kwa injini yaing'ono yakumchira kukuyamba kumveka.