Mmene ungadulire logo ya kwaya ija bwinobwino

Eya mphwanga, ndaiona logo ya kwaya ija wanditumizira. Usapite nayo kaye kosindikiza ku Old Town. Pafoni ikuoneka bwino, koma ili ndi kamzere koyera m'mphepete monse, ndipo malaya awo ndi obiriwira, ndiye kamzereko kadzaonekera patali. Mvetsera ndikuuze mmene ndimachitira ine pochotsa zoyera zakumbuyo kwa logo.

Yamba wawaimbira alembi a kwaya, akutumizirenso chithunzicho pa WhatsApp ngati Document. Akachitumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imachifinya, m'mphepete mumachita timadontho totuwa, ndipo tinthu timeneto ndi timene takuvutitsa.

Ukachitsegula mu Photoshop, dina Ctrl ndi J kuti ukhale ndi kope, kenako tseka kadiso ka layer yapansiyo, ndiye kuti chithunzi choyambirira chija. Tenga Magic Wand, chida chosankhira malo a mtundu umodzi, ili pa batani la W. Pamwamba pali Tolerance, imabwera ili pa 32, uisiye pomwepo kaye. Tsopano apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pali kabokosi ka Contiguous, kamene kamapangitsa kuti isankhe malo okhawo olumikizana ndi pamene wadina. Ena amati uchotsepo chizindikiro kuti zoyera zonse zisankhidwe kamodzi. Pa logo iyi usayerekeze, chifukwa nkhunda ili pakatiyo nayonso ndi yoyera, ipita limodzi ndi zakumbuyo. Siya kabokosiko kali kochonga, dina poyera pakunja, ndiyeno gwira Shift uzidina m'kati mwa zilembo, mu O, mu A, paliponse pamene poyera patsekeredwa. Zimatenga kanthawi, koma nkhunda yako itsala.

Ukatero pita ku Select, Modify, Expand, lembapo 1, kapena 2 ngati chithunzicho ndi chachikulu. Zimenezi zimapangitsa kuti mzere wosankha uja ulowe pang'ono m'kati mwa logo ndi kudya kamzere koyera kaja. Dina Ctrl, Shift ndi I kuti usankhe logo yeniyeniyo, kenako dina kabatani ka mask pansi pa ma layer, kaja kokhala ndi kadontho pakati. Chonde usadine Delete. Mask imangobisa, sifufuta. Ukapaka ndi burashi yakuda chinthu chimabisika, ukapaka yoyera chimabwerera.

Mapiko a nkhundawo, pamene akhudzana ndi poyera pakunja, Magic Wand siingadziwe malire ake. Pamenepo tenga Pen Tool, pa P, kuza chithunzi mpaka 300 peresenti, uzungulire phikolo ndi dzanja. Usaike timfundo tambirimbiri ngati ukusoka, mzere umagwedera. Ika kamfundo pamene phiko likukhota, kokera pang'ono kuti upinde, pitirira. Ukamaliza, Ctrl ndi Enter, kenako upake zoyera pa mask m'katimo.

Ndisanaiwale, uzisunga ntchito pafupipafupi ndi Ctrl ndi S, magetsi akwanu ku Kawale ukuwadziwa.

Tsopano chimene ndikufunitsitsa usachidumphe. Panga layer yatsopano pansi pa logo, uidzaze ndi mtundu wakuda. Timabokosi totuwa ndi toyera timene timaoneka kumbuyo tija timabisa zolakwika, koma pakuda chilichonse chimaonekera. Ine ndinasindikizapo malaya a sukulu ina ndisanachite zimenezi, atatuluka baji iliyonse inali ndi mkombero woyera, ndinachita kubweza ndalama za anthu. Ukaona pakuda pali bwino, yesanso ndi mtundu wobiriwira wa malayawo.

Ukakhutira, chotsa layer yoyeserayo, pita ku File, Export, Export As, sankha PNG, ndipo pa Transparency pakhale pochonga. JPEG ayi, imabwezeretsa bokosi loyera kumbuyo, ntchito yonse n'kupita pachabe. Ngati Photoshop yakukanika pa kompyuta yakoyo, tsegula Photopea pa intaneti, ndi yaulere ndipo zida zake zikufanana. Ukamaliza unditumizire PNG yo, ngati Document, ndiione usanakwere minibasi.