Kesi ya kompyuta yotchipa: musathamangire magetsi ophethira, yang'anani kaye polowera mphepo

Moni moni abale anga, muli bwanji kumeneko? Takulandiraninso pa tchanelo yathu. Chiphokoso mukumva kumbuyochi ndi fani ya m'chipinda muno, pepani ndithu koma sindizimitsa, ndili ku Moatize kuno ku Mozambique ndipo ndi Okutobala uyu, amene mumakhala kuno mukudziwa zomwe ndikunena, dzuwa lake lochita kuswa mtengo.

Nkhani ya lero yachokera kwa mphwanga, mwana wa amalume amene amakhala ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Mnyamatayu wakhala akusunga ndalama kuchokera pomwe anagulitsa mbatatesi chaka chatha, akufuna amange yekha kompyuta yake yoyamba, nde purosesa wagula kale, motherboard wagula, RAM wagula, kwatsala kesi, bokosi lomwe zida zonsezi zimakhalamo, ndi pawa sapulaya yogawira magetsi ku zidazo. Dzana wanditumizira chithunzi pa WhatsApp, akuti achimwene taonani iyi, ndigule? Kesi yake galasi kutsogolo, galasi m'mbali, mkati magetsi ofiira, obiriwira, a buluu, kuphethira ngati malo omwera mowa Loweruka usiku. Ndinamuyankha kuti mphwanga dikira kaye, usatumize M-Pesa, ndikupangira vidiyo. Nde ndi iyi.

Poyamba mawu, chifukwa kuno mukalowa mu loja n'kunena kuti ndikufuna kesi, ena akuyang'anani modabwa. Ogulitsa ambiri amatchula m'Chipwitikizi, amati caixa, ena gabinete. Motherboard amati placa-mãe, pawa sapulaya amati fonte, fani ndi ventoinha. Mukamafufuza pa Facebook lembani mawu onsewo, mupeza zambiri kusiyana ndi kungolemba mawu amodzi.

(akutenga motherboard ndi tepi yoyezera)

Musanaone n'komwe mtengo, dziwani saizi ya bodi yanu, motherboard ija yomwe zida zonse zimalumikizidwapo. Zilipo zitatu zodziwika. ATX ndi yaikuluyo, mamilimita 305 ku 244, muyezo umenewu anauyambitsa a Intel mu 1995 ndipo mpaka lero ukugwirabe ntchito, n'chifukwa chake bodi yatsopano imatha kulowa mu kesi yakale kwambiri bola ikhale ya ATX yeniyeni. Kenako pali microATX, 244 ku 244. Yaing'ono kwambiri ndi Mini-ITX, 170 ku 170. Lamulo lake ndi losavuta: yaing'ono imalowa mu kesi yaikulu, yaikulu siilowa mu kesi yaing'ono, basi. Mwana amavala jekete ya bambo ake koma bambo sangavale ya mwana. Ambiri amene tikumanga ndi ndalama zochepa timagula microATX chifukwa ndi yomwe imatchipa, nde kesi ya microATX ikukwanirani, kapena mid tower ya ATX ngati mukuganiza kuti tsiku lina mudzakulitsa. Za Mini-ITX zisiyeni kaye, timakesi take ndi tokongola inde koma todula, ndipo kulowetsa zala mmenemo nthawi yoyamba mudzatukwana.

Tsopano pomwe anthu ambiri amagwera m'mbuna ndi apa. Bodi yalowa bwinobwino, mwasangalala, mukutenga graphics card, chida chotulutsa zithunzi pa sikirini, kuti muyike, siikulowa, ikugunda kabokosi koyikamo ma hard disk kutsogoloko. Ma card a mafani awiri nthawi zambiri amakhala cha m'ma 200 mpaka 250 mamilimita, a mafani atatu ambiri amadutsa 300. Kesi iliyonse yolongosoka imalembedwa pa katoni kapena pa tsamba lake la intaneti kuti card yotalika bwanji ingalowe, komanso kula, choziziritsira purosesa chija, yotalika bwanji. Makula oima ngati nsanja aja ambiri ali pakati pa 150 ndi 160 mamilimita, ndipo makesi otchipa ambiri ndi opyapyala, umatha kumanga zonse kenako chitseko cha m'mbali osatsekeka chifukwa kula yatulukira. Ngati mugwiritsa ntchito kula yaifupi yomwe imabwera mu bokosi la purosesa palibe vuto. Ngati wogulitsa sakudziwa manambalawa, musachite manyazi, tulutsani tepi yanu muyeze nokha pomwepo, kapena ngati ali kutali mumuuze ayike rula mkati ajambule. Akakana, ameneyo musiyeni.

Koma chomwe ndayatsira kamera lero kwenikweni ndi mphepo. Mavidiyo ambiri amene timaonera pa YouTube amajambulidwa ku Europe kapena ku America, m'zipinda zozizira bwino, munthu atavala juzi, nde akamati kesi iyi ilibe vuto la kutentha akunena za kwawoko. Ife kuno mu mzinda wa Tete ndi Moatize, Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40. Kompyuta siipanga mphepo yozizira yokha ayi, imangokoka yomwe ili m'chipindamo n'kuidutsitsa pa zida zotentha. Mphepo ikalowa yotentha kale, chilichonse mkatimo chimakwera nayo limodzi. Purosesa ikafika cha m'ma 95 kapena 100 imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, nde mumangoona gemu ikudukiza kapena vidiyo yomwe mukueditayo ikuchedwa kutuluka, inu n'kumadandaula kuti anandigulitsa purosesa yabodza, pomwe vuto ndi bokosi lomwe mwaitsekeramo.

(akuonetsa makesi awiri pa tebulo)

Taonani awiriwa. Iyi kutsogolo ndi galasi lathunthu, mafani atatu ali kuseri kwa galasilo, akuwala bwino zedi, koma mphepo akuikoka kuti? Pa timipata iti ta m'mbali tosakwana n'chala chomwe. Zili ngati kuthamanga mutatseka pakamwa ndi mphuno imodzi. Inayi siyokongola kwenikweni, kutsogolo kwake ndi timabowo tokhatokha ngati sefa yosefera ufa, amati mesh. Ndikayika dzanja apa fani ikuzungulira ndikumva mphepo ikukokedwa. Pa mtengo wofanana ine nditenga ya sefayi tsiku lina lililonse. Kayendedwe kake n'kosavuta, mphepo ilowe kutsogolo, idutse pa card ndi pa purosesa, ituluke kumbuyo ndi pamwamba. Mafani awiri a 120 mamilimita kutsogolo okoka, imodzi kumbuyo yotulutsa, mwayamba bwino kale. Ngati malo alola a 140 ndi abwinonso, amakankha mphepo yambiri osazungulira mwamisala nde phokoso limachepa.

Mphwanga uja anandiyankha kuti koma achimwene kuno ku Angónia kumazizira. Zoona, kumtunda kuja June ndi July munthu umachita kufunda mabulangeti awiri, nde iwe ukhoza kupulumuka ndi kesi yotsekeka pang'ono kuposa ine wa kuchigwa kuno. Koma fumbi nanga? Fumbi la chilimwe silisankha, ku Ulónguè lilipo, ku Tsangano lilipo, ku Furancungo lilipo, kuno ku Moatize nde musanene, lathu limabwera ndi kakuda ka malasha, umapukuta tebulo m'mawa madzulo ulembapo dzina ndi chala. Fumbi likadzadza mu kula limakhala ngati mwaifunditsa bulangeti. Nde yang'anani kesi yokhala ndi tima filter tochotseka, kutsogolo, pansi pomwe pamakhala fonte, ndi pamwamba, ta maginito tija ndi tabwino chifukwa mumangomatula, kukuntha, kubwezera. Kachinsinsi kena: mafani okokera mkati achuluke kuposa otulutsa. Mukatero mphepo yotsala imatuluka yokha pa timing'alu tonse, fumbi silipeza polowera kupatula pa filter. Mukachita mosemphana, otulutsa n'kuchuluka, kesi imayamwa fumbi pa kabowo kalikonse. Ndipo chonde musayike kompyuta pansi pa simenti kapena pa mkeka, fonte ya makesi amakono imakhala pansi ndipo fani yake nthawi zambiri imayang'ana pansi, nde izingomeza zinyalala zonse za m'nyumba. Ikani pa tebulo kapena pa kathabwa kokwera. Timabowo ta kumbuyo tomwe simukugwiritsa ntchito titsekeni, nalimata ndi mphemvu zimakonda malo ofunda, ndinatsegulapo kompyuta ya mnzanga wina n'kupeza nalimata atauma gwa pa bodi, osafunsa kuti inasiyiranji kuyaka.

Tibwere pa msampha waukulu, kesi yobwera ndi fonte yake mkati pa mtengo wongokomera. Pamwamba alemba ma watt ambirimbiri, koma mukainyamula yopepuka ngati chitini cha sadini chopanda kanthu, dzina losadziwika, tizingwe topyapyala. Ine ndinapusitsikapo, kompyuta yanga yoyamba ndinagula choncho mu loja ina yomwe sinditchula, inagwira miyezi ingapo, tsiku lina magetsi anathima n'kubwera mwamphamvu ndinangomva phu, kafungo ka pulasitiki yopsa, ndipo siinafe yokha ayi, inatenga ndi motherboard yomwe. Ndalama yomwe ndinkati ndapulumutsa ija inatuluka kangapo. Nde ngati mwapeza kesi yabwino koma ili ndi fonte yotero, mufunseni wogulitsa ngati angaichotse n'kutsitsa mtengo, fonte mugule payokha ya kampani yodziwika, yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus chosonyeza kuti siiwononga magetsi ambiri. Pamenepa ndi pomwe ndalama yochotsa pa magetsi ophethira aja iyenera kupita. Chinanso kwa inu ogula zakale zochokera kunja: ma fonte ena akale ali ndi kaswitchi kofiira kumbuyo kolembedwa 115 ndi 230. Magetsi athu kuno ndi a 220, kakakhala pa 115 mukangolumikiza yapita. Onani musanayatse.

Za kesi yakale, ya kaunjika titero, ine ndilibe nayo vuto, kesi ndi chitsulo chabe, siikalamba ngati batire. Koma samalani ndi makesi a makompyuta a mu ofesi a Dell kapena HP, makamaka ang'onoang'ono ogona aja. Ambiri mwa amenewo anapangidwira bodi yawoyawo, mabowo a masikuluwu sagwirizana ndi ATX, zingwe za batani loyatsira ndi zawozawo, fonte ndi yawoyawo, ndipo ang'onowo amangolola card yaifupi. Amaoneka olimba inde koma mudzavutika nawo kuboola ndi kudula mpaka mudzanong'oneza bondo. Ndipo pa yakale iliyonse funsani kathumba ka masikuluwu, makamaka timiyendo ta mkuwa tomwe timakweza bodi kuti isakhudze chitsulo, ma standoff. Popanda timeneto bodi imagunda chitsulo n'kupanga shoti. Komanso mukamamanga, kamwendo kamayikidwa pokhapo pomwe bodi ili ndi bowo, kowonjezera kotsalira pansi pa bodi kakhoza kuipha.

Tizinthu tina mwachangu. Kutsogolo pakhale USB 3.0 olo imodzi, ya buluu ija, ndipo suzumirani mkati muone ngati chingwe chake chili ndi mutu waukulu wa timapini 19 wolowa pa bodi. Mafani obwera ndi kesi yotchipa ena amalumikizidwa ku fonte mwachindunji ndi pulagi yotchedwa Molex, amenewo amazungulira pa liwiro limodzi usana ndi usiku ndipo magetsi ake nthawi zambiri sazimitsika, ngati mumagona chipinda chomwecho ganizirani bwino. Dinikizani chitseko ndi chala, chikapindika ngati lata lotchipa dziwani kuti izinjenjemera. Yendetsani chala pang'onopang'ono m'mphepete mwa mkati, zina zimacheka ngati lezala. Kuseri kwa bodi pakhale kampata kobisamo zingwe, zikadzadza kutsogolo zimatchinga mphepo yomwe tikuifunayo.

Nanga galasi la m'mbali? Sindikudana nalo, nanenso ndimakonda kuona zinthu zanga zikuzungulira. Koma ganizirani ulendo. Kesi siili ngati RAM yoti muponya m'thumba la malaya, ndi katundu wamkulu, ndipo kaya mwagula ku Tete, kaya mwadutsa pa Zóbuè kukagula ku Blantyre, kaya pa Calómuè kupita ku Lilongwe, idzakwera chapa, minibasi zathu zija. Kondakitala akaiona katoni amangoti iyi kumbuyo, pamwamba pake thumba la chimanga, pambali pake nkhuku. Galasi la tempered ndi lolimba pakati koma likagunda pakona limangoti mbwee, tizidutswa ngati mchere wa miyala, ndipo limachitanso chimodzimodzi mukaliyika pa matailosi pomwe mukumanga. Ya akiriliki siisweka choncho koma imakalika msanga. Ngati mwagula ya galasi musataye katoni ndi zoyera zofewa za mkati zija, lipirani mpando wachiwiri kapena muinyamule pamiyendo, ndipo muitsegule pamaso pa wogulitsa musanachoke, mukafika nayo kunyumba yosweka palibe adzavomere kuti inali choncho.

Mphwanga uja pomaliza tagwirizana kuti atenga yakuda ya microATX ya sefa kutsogolo, chitseko chachitsulo, fani imodzi yabwera nayo, ina tigula padera, ndipo fani imodzi yowala ya buluu ndamulola kuti mtima ukhale m'malo. Akubwera nayo Loweruka lino, nde vidiyo yotsatira tidzamanga limodzi pa tebulo lomweli, kuyambira pa timiyendo ta mkuwa tija mpaka tizingwe ta batani loyatsira tomwe timazunguza mutu aliyense. Amene muli kale ndi bodi ndi card, lembani pansipa mayina ake ndi kesi yomwe mukuiganizira, ndikuthandizani kuona ngati zilowe musanatumize ndalama.