Agogo anga achizungu ndi mnyamata wa nambala 2

Moni nonse akumudzi, ndi inu a ku Joni amene mumandimvera muli m'minibasi. Ino ndi 3 koloko m'bandakucha kuno ku Michigan, ndili m'khitchini mwa agogo amene ndimawasamalira. Mukamva ndikunong'ona, dziwani kuti ndikuopa kuwadzutsa.

Agogowa mutu wayamba kuwasokonekera. Dzina langa amandifunsa m'mawa uliwonse. Koma mukangotchula chaka cha 1997, amadzuka pampando ngati mnyamata, n'kuyamba kusimba za Charles Woodson. Ine amene ndinakula ndikukangana za Bullets ndi Wanderers, lero nkhani ya mpira wa zisoti, uja amati American football, ndaiimva mpaka kuiloweza.

Woodson anabadwira ku Fremont, m'boma la Ohio, mu 1976. Kuti mumvetse, matimu a mayunivesite a Ohio State ndi Michigan samwerana madzi. Ndiye mwana amene anasankhidwa kukhala katswiri wa masukulu a sekondale mu Ohio monse anawoloka malire mu 1995 n'kudzavala nambala 2 kwa adani ku Ann Arbor, kumene kuli yunivesite ya Michigan, pansi pa kochi Lloyd Carr. Agogo akafika apa amaseka mpaka kutsokomola.

Malo ake pabwalo amati cornerback. Ndi wotchinga kumbuyo amene amayamba kuthamanga chafutambuyo, maso ali pa mnzake wofuna kuwakha mpira. Agogo anandiuza chinthu chimene sichindichoka: wotchinga wotere akakhala katswiri weniweni, oponya mpira amaleka kuponyera mbali yake. Masewero amatha, pa kanema simunamuone, chonsecho ndi iye wapha theka la bwalo. Ndinaganiza za ntchito yangayi. Usiku ndikagwira bwino, agogo sagwa, mankhwala saphonya, bedi n'louma. Mwana wawo akafunsa m'mawa, ndimangoti palibe chachitika. Malipiro ake ndiye musafunse.

Koma Woodson anakana kubisika. Pa 22 Novembala 1997 Ohio State inabwera ku Big House, bwalo la Michigan lolowa anthu opitirira 100,000. Tsiku limenelo anawakha mpira wa mayadi 37 umene unatsegula njira ya chigoli, anabweza mpira womenyedwa ndi phazi mayadi 78 mpaka kukagoletsa, kenako analanda mpira wa adani pakhomo penipeni pa golo. Michigan inapambana 20 kwa 14, iye n'kutuluka duwa lili kukamwa, kusonyeza kuti ulendo wa ku Rose Bowl, masewero akuluakulu otsekera chaka, wapsa. Kumeneko anagonjetsa Washington State 21 kwa 16, chaka n'kutha osagonjapo pamasewero onse 12.

Mphotho ya Heisman, ya katswiri woposa onse wa mpira wa m'mayunivesite, imene pafupifupi nthawi zonse imagwera oponya ndi othamanga ndi mpira, chaka chimenecho inapita kwa iye. Anali woyamba kuitenga ntchito yake yaikulu ili yotchinga. Peyton Manning, woponya mpira wa timu ya Tennessee, anakhala wachiwiri, ndipo akuti ku Tennessee mpaka pano chilonda sichinapole.

Za ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri, agogo sazilabadira kwenikweni, ndiye nanenso ndingodutsa. Oakland Raiders inamusankha wachinayi mu 1998, anatenga chikho cha Super Bowl ndi Green Bay Packers mu 2011 atathyoka fupa la paphewa masewero ali mkati, ndipo anapuma mu 2015 atalanda mipira 65. Chimodzi chokha chimawawawa: mu Januwale 2002 Woodson anagwetsa mpira m'manja mwa Tom Brady, woponya mpira wa New England Patriots, chipale chikugwa, oimbira n'kuti sunali wotayika. Awiriwa anali timu imodzi ku Michigan. Agogo amati sadziwa mwana woti amukalipire.

Ine chimene chinandigwira mtima n'china. Mu 2009 anapereka madola 2 miliyoni ku chipatala cha ana cha C.S. Mott ku Ann Arbor. Mwana wa ku Ohio, ndalama n'kuzisiya kumene anafika ali mlendo. Ife timatumiza zonse kumudzi, tikumanga nyumba zimene sitinagonemo. Dzulo mlongo wanga wanditumizira zithunzi za malata, ati atsala 14.

Dikirani kaye. Kabelu ka kuchipinda kalira. Mwina akufuna madzi, mwinanso akufuna kundiuza za masewero olimbana ndi Michigan State, mmene mnyamata uja anadumphira m'mphepete mwa bwalo n'kuwakha mpira ndi dzanja limodzi. Tionana Loweruka.