Khutu likamagunda du! du! du!: chimachititsa n'chiyani, nanga mutani?

[Wofotokoza ayang'ane kamera]

Moni nonse. Ngati khutu lanu limagunda du! du! du! makamaka usiku mukagona, imani kaye, tichite limodzi kanthu kena. Ikani zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, pomwe anamwino amagwira akamamvera kugunda kwa mtima. Mwaupeza mtsempha? Phokoso lija likadzayambanso, mudzagwire pomwepo n'kumvetsera. Kodi kugunda kwa m'khutu kukuyendera limodzi ndi kwa pamkono, kapena kukungodziyendera pakokha? Yankho lake ndi lomwe dokotala adzayambe kukufunsani, chifukwa mavutowa ndi awiri osiyana.

[Pa sikirini: Likamayendera limodzi ndi mtima]

Vutoli madokotala amalitchula kuti pulsatile tinnitus. Chomwe mukumva ndi magazi anu omwe. Pafupi kwambiri ndi mkati mwa khutu pamadutsa mitsempha ikuluikulu iwiri: carotid, wopititsa magazi ku ubongo, ndi jugular, wobweza magaziwo kumtima. Magazi akamayenda bwinobwino sitiwamva. Akayamba kuthamanga kwambiri, kapena akamapanikizika podutsa pamalo pothina, khutu limatola phokosolo.

Choyamba kuganizira kwathu kuno ndi kuchepa kwa magazi. Munthu wadwala malungo pafupipafupi, mayi ndi woyembekezera, wina amataya magazi ambiri posamba, wina ali ndi njoka za m'mimba. Magazi akachepa mphamvu, mtima umapopa mofulumira kuti mpweya ufike ponseponse, ndipo khutu limamva liwiro limenelo. Dziyang'aneni pagalasi, kokerani chikope cham'munsi. Ngati m'kati mwake mwayera m'malo mofiira, zikhatho zatumbuluka, mukakwera kamtunda pang'ono befu, musadabwe kuti khutu likugunda. Kuchipatala amayeza hemoglobin, chinthu chofiira cha m'magazi chomwe chimanyamula mpweya. Bungwe la WHO limati magazi achepa muyeso wa hemoglobin ukatsika pansi pa 13 kwa abambo, 12 kwa amayi, ndi 11 kwa amayi oyembekezera. Chosangalatsa n'chakuti akachiza chomwe chikumaliza magaziwo n'kukupatsani mapilitsi a iron, phokoso lija kawirikawiri limatheratu.

Chachiwiri ndi BP. Imeneyi siipereka chenjezo, munthu amayenda nayo zaka osadziwa. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa apo mobwerezabwereza, yakwera. Kuyeza n'kwa mphindi zochepa chabe. Palinso chithokomiro chogwira ntchito mopyola muyeso: mtima phaphapha, thukuta, manja kunjenjemera, thupi kutsika chikhalirecho munthu akudya bwino. Kwa akuluakulu, makamaka osuta fodya ndi odwala shuga, mafuta amatha kuunjikana m'mitsempha ya m'khosi n'kuchepetsa njira.

Nthawi zina magazi alibe vuto, koma khutu latsekeka. Phula likadzaza, kapena chimfine chikasiya madzi kuseri kwa ng'oma ya khutu, phokoso lakunja limachepa ndipo zam'thupi zimamveka kwambiri. Pamenepa ndikupempheni chinthu chimodzi: kachitsotso ka machesi, nthenga ya nkhuku, chotsekera cholembera, ngakhale timitengo ta thonje togula m'sitolo, zisiyeni. Zimakankhira phula m'kati, ndipo dzanja likangoterereka mwaboola ng'oma. Achipatala amadontheza mankhwala ofewetsa n'kulichotsa bwinobwino.

[Pa sikirini: Musazengereze mukaona izi]

Pali pena pofunika kuthamanga. Kugunda kwa khutu limodzi lokha komwe sikukusiya. Mutu wopweteka tsiku ndi tsiku, maso kuchita mdima kwa kanthawi mukawerama kapena kuimirira, kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Izi zimatha kusonyeza kuti madzi ozungulira ubongo akupanikiza kwambiri, vuto lopezeka kawirikawiri mwa amayi achitsikana onenepa, ndipo likalekereredwa limapha maso. Kugunda koyamba munthu atavulala m'mutu kapena pakhosi. Khutu kugontha mwadzidzidzi, chizungulire chachikulu. Ndipo ngati pakamwa papindika, mkono wafooka, lilime likulemera, kumeneko n'kwa tsiku lomwelo, ola lomwelo, chifukwa ikhoza kukhala sitiroko. Mayi woyembekezera amene khutu likugunda, mutu ukuwawa, nkhope ndi manja zatupa, apite kukayezetsa BP osadikira tsiku la sikelo.

Kumene kuli madokotala a makutu, mphuno ndi mmero, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre, amasuzumira m'khutu ndi katochi, amamvetsera pakhosi ndi kuseri kwa khutu, amayang'ana m'maso, kenako amaona ngati pakufunika sikani. Auzeninso ngati phokosolo limachepa mukatembenuza mutu kapena mukagonera mbali ina. Kwa inu n'zazing'ono, koma kwa iwo zimaloza mtsempha womwe ukuvuta. Musamadzitsinize pakhosi mwamphamvu poyesa kuliletsa.

[Pa sikirini: Likamagunda palokha]

Nanga ngati silikugwirizana ndi mtima? Limabwera mwadzidzidzi, di-di-di, kusiya, kuyambanso, mwina masekondi ochepa, mwina tsiku lonse. Apa wolakwa nthawi zambiri ndi timinofu tiwiri ta m'kati mwa khutu, tensor tympani ndi stapedius. Stapedius ndiye kakang'ono kwambiri mwa minofu yonse yogwira mafupa m'thupi la munthu. Ntchito yake n'kuchepetsa mphamvu ya phokoso lalikulu, kuphatikizapo mawu anu omwe mukamalankhula. Kugunduma komwe mumamva mukayasamula kwambiri ndi tensor tympani akukokeka. Timinofuti timatha kudumphadumpha tokha monga chimachitira chikope munthu akatopa, kungoti pano zikuchitikira pa ng'oma yeniyeni, ndiye mumamva. Ena amati khutu likatero wina akukujedani. Mwina akukujedanidi, anthu sasowa nkhani, koma khutu silikudziwa zimenezo.

Mtundu uwu sukhala woopsa kawirikawiri. Umakonda kubwera munthu akamasowa tulo, akakhala ndi nkhawa, akamamwa khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu zambiri, kapena atachezera pafupi ndi zimkuzamawu. Ena amakukuta mano kutulo, ndipo minofu ya nsagwada ndi tensor tympani zimalamulidwa ndi mtsempha umodzi wotumiza mauthenga kuchokera ku ubongo. Gonani mokwanira, chepetsani khofi kwa masabata angapo muone, tsitsani voliyumu ya mahedifoni, ndipo ngati mumagwira ntchito kuchigayo kapena kowotcherera zitsulo, valani zotchinga m'makutu. Zikapitirira miyezi n'kumakusowetsani mtendere, pali mankhwala omasula minofu omwe dokotala angakulembereni, ndipo kwa ochepa kwambiri amachita opaleshoni yodula kamsempha kolumikiza mnofuwo ku fupa.

Usiku, pomwe phokosoli limavuta kwambiri chifukwa kunja kwati zii, yatsani wailesi chapansipansi kapena fani, ndipo kwezani mutu ndi pilo wowonjezera. Izi n'zokuthandizani kugona chabe. Ngati pamkono ndi m'khutu zinagundira limodzi, mawa kayezetseni BP ndi magazi.