Makalata a Omvera: Ndalama Zopulumutsidwa Zija Zili Kuti?

Takulandirani, omvera athu, ku gawo la makalata, ndipo moni wathu ukuchokera kuno ku Zomba, m'munsi mwa phiri. Sabata ino ndasankha makalata atatu amene akukhudza chuma cha boma ndi anthu amene chumacho chimayenera kuwatumikira. Monga mwa mwambo wathu, mayina a olemba sinditchula.

Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Domasi, mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo akuti:

"Ine ndakula ndikumva maboma osiyanasiyana akulengeza kuti achepetsa maulendo, adula mafuta a galimoto za akuluakulu, ndiponso aletsa misonkhano ya kunyanja. Nthawi zonse timawomba m'manja. Koma sindinamvepo nduna ikubwerera pa wailesi patapita miyezi isanu ndi umodzi kudzatiuza kuti unduna wakutiwakuti wapulumutsa ndalama zingati, ndipo yagulira chiyani. Kodi ndalamazo zimapita kuti, ndipo amene ayenera kutiwerengera ndani?"

Aphunzitsi, funso lanu lili ndi maziko. Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, anaimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma mpaka kumapeto kwa Malichi 2024, iye mwini analeka kupita ku msonkhano wa zanyengo ku Dubai, ndipo mafuta a nduna ndi akuluakulu ena anadulidwa ndi theka. Tikabwerera m'mbuyo, mu 2013 boma la Dr Joyce Banda linagulitsa ndege ya pulezidenti pa madola 15 miliyoni, koma mkangano wa momwe ndalamazo zinayendera unatenga zaka. Mukuona kuti kulengeza kumachitika pa gulu, pamene kuwerengera kumatsalira m'mafayilo.

Choyamba tiyenera kumvetsetsa kuti ndalama zopulumutsidwa si mpukutu wa makwacha umene wina amakaika m'kabati. Zimene boma limatolera m'misonkho zimachepa poyerekeza ndi zimene limakonza kugwiritsa ntchito pa chaka, ndipo kusiyanako limakukwirira pokongola, kotero kuti ulendo umodzi ukalephereka, kawirikawiri chimene chimachitika n'chakuti ngongole yatsopano imachepako pang'ono basi. Zili ngati mayi wogulitsa tomato pa msika wa Zomba amene ali ndi ngongole ya banki m'khonde: akasiya kukwera kabaza n'kumayenda wapansi kuchokera ku Chikanda, ndalama ya kabazayo simuipeza m'mpango mwake, chifukwa yapita kukabweza ngongole. Komabe mayi ameneyu mutamufunsa, adzakuuzani mosajejema kuti pa sabata wapulumutsa zingati. Ngati iye angathe, unduna umene uli ndi akauntanti ndi makompyuta ulibe chifukwa cholepherera.

Udindo woyankha uli pa mlembi wamkulu wa unduna uliwonse, chifukwa ndiye amene malamulo amamuika kukhala woyang'anira ndalama za undunawo. Pambuyo pake mabuku amafufuzidwa ndi ofesi ya Auditor General, ndipo lipoti lake limapita ku Nyumba ya Malamulo, kumene komiti yoona za chuma cha boma, imene ambiri amaitchula kuti PAC, imaitana akuluakulu kuti adzafotokoze. Njira imeneyi imagwira ntchito ikafuna. Tonse tikukumbukira kuti mu 2021 kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya matenda a Covid-19 anaonetsa kuti ndalama zambiri zinathera m'maalawansi, ndipo nduna ina inachotsedwa pa udindo. Vuto lake n'lakuti ofufuza amasakasaka ndalama imene yaonongeka, koma lonjezo lakuti tipulumutsa zakutizakuti palibe amene amalilondola mwakhama, ndipo malipoti ambiri amatuluka madzi atafika kale m'khosi.

Inuyo aphunzitsi simuli opanda mphamvu. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limakupatsani ufulu wodziwa zimene boma likusunga, ndipo lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, moyang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission. Mukamalemba kalata yanu musafunse mwachisawawa kuti ndalama zapita kuti, chifukwa funso lotero limabweretsa yankho lozungulira. Funsani kuti bajeti inapatsa unduna umenewo ndalama zingati za maulendo ndi mafuta, ndipo pofika pa 31 Malichi, pamene chaka cha boma chimatha, unali utagwiritsa zingati. Manambala awiriwo akakhala pa pepala limodzi, masamu otsalawo ndi a Sitandade 4, ndipo inu munawaphunzitsa zaka zambiri.

Kalata yachiwiri ndi yolemera, ndipo yachokera kwa mayi wina wa ku Jali, m'dera la mfumu yaikulu Mwambo:

"Mwana wanga wachisamba anapita ku Joni zaka zinayi zapitazo, ndipo ndiye ankalipirira azing'ono ake sukulu. Miyezi itatu yapitayo mnzake anatiimbira kuti wagwidwa chifukwa masiku a pasipoti yake anatha. Mlongo wanga anapita ku ofesi ina ya boma kukapempha thandizo, koma anamuuza kuti ndalama zoyendera zinadulidwa, choncho tidikire. Tsopano pali munthu amene akutiimbira foni kuti titumize ndalama ndipo amutulutsa. Kodi ndichite chiyani?"

Mayi, pepani kwambiri ndi nkhawa imene muli nayo. Ndiyambe ndi chofulumira: munthu wa pa foniyo musamutumizire ngakhale tambala imodzi mpaka mutalankhula ndi mwana wanu, chifukwa akamberembere amadziwa kuti kholo limene lasowa mtengo wogwira silifunsa mafunso, ndipo mabanja ambiri agulitsa mbuzi ndi malata mwa njira imeneyi.

Anthu ambiri ogwidwa ku South Africa chifukwa cha zikalata amasungidwa pa malo otchedwa Lindela, ku Krugersdorp, kufupi ndi Johannesburg, podikira kubwezedwa kwawo. Dziko la Malawi lili ndi ofesi ya kazembe ku Pretoria ndiponso ofesi ina ku Johannesburg. Pangano la maiko la ku Vienna la 1963 limanena kuti mlendo akamangidwa ali ndi ufulu wopempha kuti oimira dziko lake adziwitsidwe, ndipo oimirawo ali ndi ufulu womuyendera. Iwo sangalamule khoti la eni dziko kuti limasule munthu, koma angathe kutsimikiza kuti wogwidwayo ndi Mmalawi n'kumukonzera chikalata choyendera chapangozi, ndipo kawirikawiri kuchedwa kwa chitsimikizo chimenechi ndi kumene kumatalikitsa masiku a munthu m'malo osungirako anthu. Choncho lembani kalata ku Unduna wa Zakunja ku Lilongwe, ndipo muikemo dzina lonse la mwanayo monga lilili pa pasipoti kapena chiphaso cha unzika, tsiku lake lobadwa, mudzi ndi mfumu yaikulu, ndiponso dera limene anagwidwira. Sungani kalata ina yofanana nayo, ndipo ina mupereke kwa phungu wa dera lanu. Ngati papita nthawi osayankhidwa, ofesi ya Ombudsman ilipo kuti imve madandaulo a anthu amene sanathandizidwe bwino ndi maofesi a boma.

Koma mawu amene mlongo wanu anauzidwa aja andikhudza, chifukwa akulumikizana ndi funso la aphunzitsi a ku Domasi. Lamulo lodula ndalama likatsika kuchokera kumwamba popanda kunena momveka bwino chimene chidulidwe ndi chimene chisakhudzidwe, mpeni umagwera pofewa, ndiko kuti pa mafuta a wantchito wamng'ono woyendera omangidwa, osati pa chigulu choperekeza bwana. Ine ndikuona kuti kumeneko si kupulumutsa ayi, koma kusamutsa katundu kuchoka pa mutu wa boma kumuika pa mutu wa mayi wa ku Jali. Ndiye chifukwa chake lipoti la ndalama zopulumutsidwa liyenera kunenanso ntchito zimene zinaima chifukwa cha kudulako.

Kalata yotsiriza ndi yaifupi, ndipo yachokera kwa mnyamata wochita geni pa Songani:

"Achikulire, anthu amapita kunja mwa kufuna kwawo, ena osatsanzika n'komwe. Zikawavuta, bwanji msonkho wanga ine ukawatenge pa basi pamene m'chipatala mulibe mankhwala?"

Achimwene, dandaulo lanu la mankhwala ndalimva, ndipo si lopepuka. Komabe yendani m'midzi ya kuno ku Zomba, ku Machinga kapena ku Mangochi, muwerenge nyumba za malata ndi njinga zamoto zimene zinagulidwa ndi ndalama za ku Joni, ndipo mudzaona kuti ena mwa makasitomala anu pa Songani amagula ndi thukuta la anthu omwewo. Kupita kukagwira ntchito kunja si chinthu chachilendo kwa ife. Agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodiko, ndipo pamene ndege inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974 n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, Dr Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu ntchito imeneyo. Ngakhale masiku ano boma limatengapo mbali, monga mu Novembala 2023 pamene achinyamata 221 ananyamuka kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Dziko limene limalandira ndalama za ana ake akakhala pabwino silingawakane akagwa m'mavuto, monga amayi athu amene ananyengedwa ndi malonjezo a ntchito ku Oman n'kukapezeka akuzunzidwa m'nyumba za eni, atalandidwa mapasipoti.

Pamene ndikugwirizana nanu ndi pa kuwerengera. Mu Epulo 2015, alendo atayamba kuchitidwa chipongwe ku Durban, boma linatumiza mabasi kukatenga anthu athu, ndipo linachita bwino. Mu Meyi 2020 mabasi enanso anafika kudzera pa chipata cha Mwanza, koma anthu mazanamazana anathawa pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre asanamve zotsatira za kuyezedwa kwawo matenda a Covid-19, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Ntchito yongodzidzimukira yotere imadya ndalama zambiri ndipo ndi yovuta kuilondola. Chimene muyenera kupempha kwa phungu wanu, achimwene, n'chakuti thandizo la nzika zakunja likhale ndi mzere wakewake m'bajeti, ndipo chaka chikatha Nyumba ya Malamulo iuzidwe kuti anathandizidwa ndi anthu angati, basi iliyonse inadya ndalama zingati, ndipo amene anapatsidwa ntchito yonyamula anthuwo anasankhidwa motani.

Mayi a ku Jali, kalata ija mukatumiza mutilemberenso kutiuza tsiku limene mwaitumiza, kuti tidzawerengere limodzi masiku mpaka yankho litabwera.