Mitsuko ya ku Shigaraki ndi Ntchito ya Phulusa

Amayi ndi abambo, zikomo kwambiri pobwera. Chithunzi chimene ndakuikirani patsogolo panuchi ndi cha mtsuko wa ku Shigaraki, m'chigawo cha Shiga ku Japan, woumbidwa m'nyengo ya Muromachi, imene inayamba mu 1336 n'kutha mu 1573. Shigaraki ndi amodzi mwa malo 6 akale oumbirako mbiya m'dzikolo, pamodzi ndi Tokoname, Echizen, Tanba, Bizen ndi Seto.

Anthu amene ankaumba mitsukoyi sankaganiza kuti tsiku lina idzaikidwa m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Ankaiumbira alimi, kuti azisungiramo mbewu, madzi ndi chakudya, ndipo ina ankaikamo mafupa a womwalira amene mtembo wake wawotchedwa. Kaumbidwe kake sikachilendo kwa amayi amene munaumbapo mtsuko, chifukwa woumba ankapota dongo kukhala ngati chingwe chonenepa, n'kumasanjikiza mizere kuyambira pansi, akumasalaza ndi zala. Pa mtsuko waukulu ankalekeza kaye kuti m'munsi mulimbe asanapitirize, ndipo mukayang'anitsitsa pamimba pake muona mzere pamene anadzalumikizira.

Tsopano taonani phewa la mtsukowu. Mbali iyi ndi yofiirira komanso yokhakhala, ili ndi timadontho toyera, timene ndi timiyala ta m'dongo la ku Shigaraki totumphuka ndi kutentha. Mbali inayi ikunyezimira mobiriwira ngati galasi, ndipo zikuoneka kuti china chake chinayenderera n'kuumira panjira. Palibe munthu anapakapo utoto. Ng'anjo za oumba mitsukoyi, zotchedwa anagama, zinkakumbidwa ngati ngalande yokwera m'mbali mwa phiri, ndipo ankasonkhezera moto wa nkhuni usana ndi usiku kwa masiku angapo, mpaka kutentha kupitirira madigiri 1,200. Phulusa louluka ndi malawi linkagwera pa mitsuko, n'kusungunuka, n'kusanduka galasi mbali imene inayang'ana kumoto. Pa malo 6 aja, ku Seto kokha ndi kumene ankapaka mwadala mankhwala onyezimiritsa.

Ine ndimaona kuti luso lalikulu la anthu amenewa linali pa kudziwa moto, chifukwa woumba ankasankha yekha poika mtsuko m'ng'anjo ndiponso nthawi yowonjezera nkhuni, ndipo akalakwitsa, ntchito ya miyezi yambiri inkang'aluka kapena kumatirirana.

M'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, akatswiri a mwambo wa tiyi anayamba kuyamikira kukhakhala komweku. Murata Jukō, mmodzi mwa akatswiriwa, amene anamwalira mu 1502, anatchula ziwiya za ku Bizen ndi ku Shigaraki m'kalata yopita kwa wophunzira wake. Timitsuko tating'ono ta ku Shigaraki tinapatsidwa dzina lakuti uzukumaru, kutanthauza kunjuta, chifukwa timaoneka ngati munthu wonjuta, ndipo anayamba kuikamo maluwa m'chipinda chomwera tiyi.